Mkodzo Woyera wa Che Hamis

Lachisanu madzulo, chiperoni chitaphimba phiri la Ndirande, anthu anali ataweruka pa galaja ya a Shafiq, kumene amawongola ndi kupenta maminibasi ochita ngozi. M'chipinda chosungira zida munatsala anthu awiri: a Luckson, osunga makiyi a chipindacho, ndi Che Hamis, amene akhala akupopera penti pagalajapo kuyambira a Shafiq asanamere imvi.

Pa thebulo panali makhadi ang'onoang'ono a pepala lokhuthala, atayalidwa motalikirana. Lolemba kunabwera anamwino oona za umoyo wa anthu pantchito, a Kristina, kudzafotokoza kuti akufuna kudziwa ngati thinasi, mankhwala onunkha osungunulira penti aja, akulowa m'matupi a ogwira ntchito. Aliyense anayenera kudontheza mkodzo pa khadi lake poweruka Lachisanu, khadilo liume, kenako lipite ku labotale mu envulopu. Ntchito yosonkhanitsa anaipereka kwa a Luckson, chifukwa a Luckson akauzidwa chinthu amachita chomwecho, osawonjezera, osachotsera. Onse anali atapereka. Khadi limodzi lokha linali lisanakhudzidwe.

"Lanu ili, Che Hamis."

"Ndaliona."

"Kakapu ndi aka."

"Ndakaonanso."

Che Hamis sanatambasule dzanja. Anati iwo ndi munthu wamkulu, wa zidzukulu, ndipo chibadwire sanamvepo zoti mkodzo amayanika. Chimanga amayanika, zovala amayanika, ngakhale mbewa amayanika, koma mkodzo munthu amausiya pamene waugwetsa, n'kutawasa ndi madzi, n'kumapita. Anawonjeza kuti lero ndi Lachisanu, masana omwewa anali kumzikiti, ndipo mkodzo ndi najisi, chinthu chodetsa. Sautenga n'kuuika mu envulopu ngati kalata yoitanira anthu ku ukwati.

A Luckson anamvetsera mpaka kumapeto, monga amachitira pa milandu ya mpingo kwawo ku Machinjiri. Kenako anayankha kuti anamwino sanatchulepo za ukwati. Chimene ananena n'chakuti kale ankanyamula mabotolo m'bokosi la ayezi, ndipo zinkavuta: galimoto ikagwa m'dzenje mabotolo ankatayikira, magetsi akazima filiji inkaleka, zonse n'kuwonongeka. Wouma sutayika, sununkha, ndipo sufuna filiji.

"Ndiye akausunga kuti?"

"Ku labotale."

"Ndani?"

"A ku labotale."

"Mumawadziwa?"

"Ayi."

"Makolo awo?"

"Sanawatchule."

"Ndiye mukufuna nditumize madzi a m'thupi mwanga kwa anthu osadziwika kwawo. Mawa ndikadzuka mwendo utatupa, ndikafunse ndani?"

"Sakadziwa kuti ndi anu. Palibe dzina, pali nambala chabe."

Che Hamis anawerama n'kuliyang'ana khadilo mbali zonse, manja ali kumbuyo.

"Ndiye mkodzo wanga uyende ulendo wonsewo wopanda dzina, ngati wa galu?"

A Luckson anatulutsa cholembera. "Ndilembe dzina?"

"Ayi."

A Luckson anabweza cholembera m'thumba.

Chimene Che Hamis sananene ndi ichi. Msonkhano wa Lolemba uja iwo anangomva chiyambi chake. Atamva zoti thinasi amapezeka mumkodzo, anaika foni kukhutu n'kutuluka, ndipo zotsalazo anazimalizira okha m'mutu: wopezeka ndi thinasi wambiri amulanda mfuti yopoperera penti n'kumupatsa tsache. Munthu amene maminibasi ake amadziwika ndi kuwala kuyambira ku Bangwe mpaka ku Chilomoni, azikasesa bwalo pamaso pa owongola zitsulo. Ndiye sabata yonseyo anaikonzekera nkhaniyi mwa njira yawo, ndipo ngakhale tsopano mtima unali usanakhazikike ngati zakwana.

Anayesa khomo lina. Anati alibe kanthu, zonse anamaliza asanapite kumzikiti. A Luckson anawerama n'kutulutsa jagi ya madzi pansi pa thebulo, nati anamwino ananena kuti wosowa amwe, adikire. Che Hamis anaiyang'ana jagiyo ngati munthu wokhuta amene amuikiranso mbale ina. Chiyambire Lolemba ankamwa mkaka m'mawa, mkaka masana, ndi madzi chigubu pa chigubu, pakuti opopera onse amakhulupirira kuti mkaka umatsuka penti m'chifuwa. Anaima ndi mwendo uwu, kenako uwo. Panja madzi ankadontha kuchokera padenga n'kumagwera m'chitini chopanda kanthu, tho, tho, tho.

"Chotsani chitini icho."

"Sichinalakwe."

"Ndipatseni kakapuko."

Atabwerera kokakodza anali munthu wina. Anaika kakapuko pa thebulo mofatsa, nabwerera m'mbuyo kuti a Luckson aone bwino. Zimene zinali m'menemo zinali mbee ngati madzi akumwa. A Luckson anafunsa mwaulemu ngati sanangotunga pampopi. Che Hamis anati pampopi madzi anasiya kutuluka dzulo, ndipo a Luckson anavomera kuti n'zoona.

A Luckson anavala magolovesi, natenga kachubu kodonthezera, n'kuyamba kudontheza pakati pa timabwalo tojambulidwa pa khadilo. Che Hamis, atasamba m'manja ndi madzi a m'jagi muja, anaima pa phewa lawo, diso limodzi atalitsinzina monga amachitira poona ngati koti ya penti yakwana pa chitseko cha minibasi.

"Koti imeneyo yapyapyala."

"Anati kabwaloka kadzaze basi."

"Koti imodzi siigwira. Likauma muikenso yachiwiri."

"Yachiwiri sanaitchule."

"Anamwinowo anapentapo chiyani?"

A Luckson anaganiza kaye, kenako anati sakudziwa, koma angathe kuwafunsa mawa akabwera kudzatenga makhadi.

Munthu amene posachedwapa ankati mkodzo sayanika, tsopano anafuna wake uume msanga, ndiponso bwino kuposa wa anzake. Anati pa chiperoni palibe chimauma chokha, ndiye akoke paipi ya kompuresa aliuzire mphepo. A Luckson anati kuuzira anakana. Anati ndiye aliike pa injini yotentha. Moto anakana. Padzuwa? Dzuwa kulibe, ndipo likanakhalapo nalonso analikana. Liume lokha pamthunzi, kutali ndi penti, popanda wolikhudza. Che Hamis anapukusa mutu, nati anthu a kuchipatala amadziwa za matenda koma kumalizitsa ntchito sadziwa. Likauma iwo alipopera vanishi pang'ono pamwamba, kuti chinyezi chisalowe panjira, komanso kuti a ku labotale akangoliona adziwe kuti lachokera kwa mmisiri.

A Luckson anangolisunthira khadilo kumapeto kwa thebulo, mbali yawo.

Mvula yowaza ija inalimbako. Palibe anafuna kukaima pa siteji ya minibasi m'matope, ndipo Che Hamis sanafune kusiya khadi lawo lopanda woliyang'anira. Anakhala pa ndowa yovundikira n'kuyamba kuyendetsa maso pa makhadi a anzawo. Ena anali achikasu pang'ono, ena kwambiri. Analoza limodzi ndi mlomo.

"Ilo ndi la ndani?"

"Sindinganene."

"La Aaron ilo."

"Sindinanene."

"Simunakane."

Aaron anali wowongola zitsulo, bambo wa ndevu ngati iwo omwe, amene kwa zaka zambiri wakhala akunena pa nthawi ya tiyi kuti kupopera si ufiti, aliyense wa manja awiri angathe. Che Hamis analiyang'ana khadilo ndi chisoni chimene sichinafike m'maso.

"Wasauka Aaron. Tsache likumudikira."

"Tsache liti?"

"La wolephera."

"Palibe wolephera."

"Aaa, a Luckson. Kuyeza kopanda wolephera munakuona kuti?"

A Luckson anati zimenezi anamwino anazifotokoza bwinobwino, koma mwina inali nthawi imene Che Hamis anatuluka kukayankha foni. Palibe amene achotsedwe ntchito kapena kusinthidwa. Thinasi akapezeka wambiri m'matupi, ndiye kuti vuto ndi la galaja, ndipo a Shafiq ayenera kuika fani yokoka mpweya m'chipinda chopoperera ndi kugula zodzitetezera. Zotsatira zikabwera a Shafiq saona mayina. Aona mitundu ya ntchito chabe: owongola, osunga zida, mlonda, opopera.

Che Hamis anawerenga pa zala.

"Opopera muno alipo angati?"

"Inu."

"Ndiye nambala ija ndi ya chiyani?"

"Yobisa dzina."

Che Hamis anakanda m'ndevu. Kenako anadzilimbitsa mtima, nati zilibe kanthu, woyera ndi woyera. Palibe munthu anazengedwapo mlandu chifukwa chokhala waukhondo.

"Zimenezo ndinafunsa," anatero a Luckson.

"Munafunsa chiyani?"

"Ndinakweza dzanja. Ndinati, nanga khadi la wopopera likabwera lopanda kalikonse?"

"Anakutumani ndani?"

"Anati wa funso afunse."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati njira ndi ziwiri. Mwina munthuyo amavala masiki yeniyeni nthawi zonse. Mwina sabata imeneyo sanapopere."

"A Shafiq analipo?"

"Anakhala pamene mwakhala inupo."

"Anamva?"

"Anagwedeza mutu."

Che Hamis anadzuka pa ndowapo ngati yatentha.

Kukonzekera kwawo kuja sikunali mkaka wokha. Lolemba lomwelo masana anamuitana Aaron pambali n'kumuuza kuti nthawi yakwana yoti amuululire chinsinsi cha ntchito. Tsiku lililonse ankamulowetsa m'chipinda chopoperera, kumupatsa mfuti, kutseka chitseko, iwo n'kuzungulira kuseri kwa lole yakufa kukakhala pamphepo ndi mkaka wawo. Ankayembekeza kuti penti iyenderera apa ndi apo, adzaikonza sabata yamawa. Koma maminibasi anatuluka owala. Lachinayi a Shafiq anasisita limodzi ndi chikhato, nati dzanja la Che Hamis likukhwimirakhwimira ndi ukalamba. Aaron anali pomwepo akupukuta nyundo.

A Luckson anati iwo anaona kuti sabata ino thinasi amadzatenga ndi Aaron, koma popeza palibe anawafunsa, sanaganizepo kanthu.

Zinali zoonekeratu. Pepala lidzafika pa desiki ya a Shafiq likunena kuti wowongola zitsulo wina wadzaza thinasi, wopopera ali mbee ngati mlonda, pamene maminibasi akuwala kuposa kale. A Shafiq si mwana.

"Ndibwezereni khadi langa."

"Lanyowa kale."

"Mkodzowo ndi wanga."

"Unali wanu. Mwapereka."

"Munthu akapereka chinthu molakwitsa amabweza."

"Simunalakwitse. Munachita bwino kwambiri, simunatayire n'komwe."

Che Hamis anatsitsa mawu. Anati pa shelefu apo pali chitini cha thinasi. Kadontho kamodzi pakona pa khadi, kochepa ngati msozi wa nyerere, palibe angavulale. A Luckson anati zimenezonso anamwino anazifotokoza: makina a ku labotale safuna thinasi wa m'chitini, amafuna chimene thupi lamusandutsa. Ayenera kudutsa mwa munthu kaye.

Che Hamis anachiyang'ana chitinicho nthawi yaitali. A Luckson anadzuka, nachitembenuza kuti chithunzi cha chibade cha munthu chimene chinajambulidwa pambali chiyang'ane kwa iwo, n'kukhalanso pansi.

"Sindinati ndimwa."

"Inenso sindinati."

Che Hamis anayesa njira ina. Anati makhadi awa ndi ofanana ngati mapasa. Mphepo italowa n'kusuntha la Aaron kubwera uku, lawo kupita uko, ndani angadziwe? A Luckson anayang'ana zenera, nati n'lotseka. Komanso nambala sizisuntha ndi mphepo.

"Palibe khadi lotsala?"

"Lilipo limodzi. La ngozi."

"Ngozi yotani?"

"Lina likagwa pansi n'kuda."

Che Hamis anayasamula, nadziwongola, chigongono chikuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa thebulo. Chisanafike, a Luckson anali atanyamula kale kathabwa kamene panali khadilo, ataligwira m'mwamba ndi manja awiri ngati mbale ya chopereka.

"Ngozi ija inatsala pang'ono," anatero a Luckson.

"Ndinaiona."

"Komanso ikanachitika mukanadontheza chiyani pa linalo? Mkaka womwewo."

Che Hamis anakhalanso pa ndowa. Analankhula za zaka zimene agwira limodzi, za tsiku limene anawapentera njinga a Luckson osawauza mtengo, za maliro amene anayendera limodzi ku Chemusa mvula ikugwa. Anati onse awiri ndi anthu opemphera, wina Lachisanu wina Lamulungu, ndipo mkulu wa mpingo ayenera kudziwa chifundo. A Luckson anavomera zonsezo ndi mtima wonse, nathokozanso za njinga ija. Anangoti pa zachifundo zimene anaphunzira, kusinthanitsa mikodzo kunalibepo. Anawonjeza, posafuna kuti mnzawo avutike ndi maganizo usiku, kuti makhadi agona muno koma kiyi akagona ku Machinjiri.

Madzi anapitiriza kudontha m'chitini panja. Che Hamis anakhala atagwira mutu, kenako anaukweza.

"Munati njira ziwiri."

"Ziwiri."

"Yoyamba ija itchuleninso."

"Wovala masiki yeniyeni nthawi zonse."

Onse awiri anayang'ana kuseri kwa chitseko. Pa msomali panapachikika masiki ya mphira yakuda, yokhala ndi zosefera ziwiri zozungulira m'mbali. A Shafiq anaigula kalekale. Che Hamis anaivala tsiku limodzi, owongola zitsulo anaseka kuti akuoneka ngati nkhumba, ndipo iwo analengeza kuti Msilamu savala nkhope ya nkhumba. Kuyambira pamenepo ankangomanga kansalu pamphuno, akakumbukira.

"Ndipatseni."

A Luckson anaitsitsa, naigugudira pa khoma. Munatuluka fumbi ndi kangaude wamoyo. Che Hamis anaipukuta ndi mkono wa ovolosi, anatchula dzina la Mulungu chapansipansi, n'kuikoka zingwe kumutu.

"Ndikuoneka bwanji?" Mawu anamveka ngati ochokera m'mgolo.

"Mwaizondotsa."

Anaitembenuza. Kenako anafotokoza dongosolo lonse, akupumira pakati. Khadi lawo ndi loyera chifukwa iwo ndi munthu wosamala. La Aaron ndi lodzaza chifukwa Aaron amakonda kuzungulirazungulira pakhomo la chipinda chopoperera mphuno ili pamtunda, kufuna kuba luso la eni. A Luckson angochitira umboni basi.

A Luckson anati bodza sanganene. A Shafiq akawafunsa, adzanena zimene aona ndi maso.

"Mwaona chiyani?"

"Mwavala masiki."

"Basi, nenani zimenezo."

"Akafunsa kuti kuyambira liti?"

"A Shafiq safunsa mafunso awiri."

A Luckson anaganiza, napeza kuti zimenezonso n'zoona.

Mtima wa Che Hamis unayamba kubwerera m'malo. Anati sabata yamawa aivala ndithu, azidutsa nayo pa zenera la ofesi m'mawa ndi masana kuti a Shafiq aizolowere. Mfuti aitenganso m'manja mwawo, Aaron abwerere ku nyundo yake. Zotsatira zikabwera n'kudutsa, nkhumbayi ibwerera pa msomali pake.

"Anati abweranso."

"Ndani?"

"Anamwino. Ndi makhadi ena."

"Liti?"

"Anati ulendo wina sanena tsiku."

"Adzafuna chiyaninso?"

"Kufananiza. Lakale ndi latsopano."

"Ndiye latsopano likadzakhala lodzaza?"

"Adzafunsa kuti masiki ija inasiya liti kugwira ntchito."

"Azibwera mpaka liti?"

"Mapeto sanatchule."

M'chipindamo munangomveka kupuma kwa Che Hamis kudzera mu mphira, fuu, fuu. Anawerenga njira zimene zinatsala, ndipo sizinatenge nthawi. Kuti khadi lililonse lizifanana ndi la lero, mwina mfuti ikhale kwa Aaron, mwina masiki ikhale pankhope. A Luckson, pofuna kuthandiza, anawonjeza kuti anamwino anati zosefera zakale sizigwira, ziyenera kusinthidwa. Che Hamis anati Lolemba m'mawa a Shafiq agula zatsopano, afune asafune, pakuti mmisiri sangaike moyo wake pachiswe chifukwa cha kuumira kwa bwana.

Panja panamveka chitseko cha ofesi chikutsekedwa, kenako mapazi m'matope. A Shafiq ankadutsa pabwalo ndi ambulera, kuona ngati zonse zatsekedwa asanapite kwawo. Ataona nyale m'chipinda cha zida anatembenukira komweko.

Che Hamis anadzuka msanga. Anakonza zingwe kuseri kwa makutu, anakankha chitseko kuti chitseguke chonse, naima pakati pa khomo pamene kuwala kunawagwera bwino. Anadikira mpaka ambulera itafika pafupi. Kenako anatembenukira kwa a Luckson, amene anali atagwirabe kathabwa ka khadi m'manja, nalankhula mokweza kuti mawu adutse mphira:

"A Luckson, munthu wamkulu ngati inu, tsiku lonse m'chipinda cha thinasi mphuno ili pamtunda. Kodi Lolemba lija simunamve zimene ananena anamwino?"